Citsulo m'Mkono wa Amai

Amai anagwa pocokera kucitsime, ndipo fupa la pakati pa phewa ndi cigongono linathyoka. Kucipatala madotolo anagoneka kacitsulo kathyathyathya pafupalo nakakhomera ndi masikulu 8, anai kumtunda ndi anai kumunsi kwa pothyokapo.

Patapita milungu 5 ndinawapeza atagwira munsi, akuti asinje mphale. "Kodi simuli citsulo umu?" anatero. Ndinawalanda munsiwo, mtima uli phaphapha, pakuti mwana salanda kanthu m'manja mwa kholo.

Ndinawafotokozera zimene dotolo anandiuza. Citsulo sicilumikiza fupa ai. Cingoligwira kuti lisagwedezeke pamene lilikudzilumikiza lokha, nchito ya miyezi ngati 3. Cikapindikapindika fupa lisanalimbe, cikhoza kuthyoka monga waya. Ndiponso fupa la nkhalamba n'lofooka, masikulu angazuke monga msomali m'mtengo wofumbwa. Ndico cifukwa cake anasankha masikulu amene mitu yake imangika m'citsulo momwemo.

Amai anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga mphaleyi asinja ndani, mwanawe?"

Ndinasinja ine, ndi ndevu zangazi, akazi a pamudzi ali kufa ndi phwete.