Mfuti za alimi a nkhosa ku Wyoming

M'zaka za m'ma 1970, pamene ndinkaphunzira za ulimi ku Laramie, tchuthi chikafika ndinkakagwira ganyu kwa alimi a nkhosa a ku Wyoming. Mdani wawo wamkulu anali coyote, nyama yofanana ndi nkhandwe koma yokulirapo, imene imagwira ana a nkhosa nyengo yoswa. Mu 1972 Pulezidenti Richard Nixon analetsa kupha nyama zolusa ndi poizoni m'malo a boma, ndiye alimi ambiri anayamba kudalira kwambiri mfuti. Madzulo akakhala pansi, nkhani inali imodzimodzi: chipolopolo chabwino n'chiti?

Anyamata ankatamanda .22-250, imene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1965. Chipolopolo chake chimatuluka pa liwiro loposa mamita 1,100 pa sekondi, ndipo m'chigwa chopanda mitengo, momwe mphepo imawomba tsiku lonse, chimafika patali chisanapatuke kwambiri. Ena ankakonda .223 Remington, mbale wake wa chipolopolo cha asilikali, poti zipolopolo zake zinali zotchipa ndipo mfuti yake sikankha phewa. Panalinso .220 Swift ya mu 1935, yothamanga kuposa zonsezi, koma ankaidandaula kuti imadya mpope msanga. Imene inkagwetsa coyote mosakayikitsa inali .243 Winchester, kungoti inkang'amba chikopa, pomwe zikopa zinali pa mtengo wabwino zaka zimenezo.

Mdala amene ndinkawagwirira ntchito sankalowa nawo m'mikanganoyi. Anali ndi .222 Remington yakale, mtundu umene unatuluka mu 1950, thabwa lake litachita kusalala ndi manja. Ndimawaonabe atagona chafufumimba kuseri kwa chitsamba m'bandakucha, mphepo ikuchokera kutsogolo kuti nyama isamve fungo lathu, akuliza kapito kotsanzira kulira kwa kalulu wovulala. Ankadikira osagwedezeka, zala zili gwa ndi chisanu. Kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinazionadi mwa mzungu ameneyu. Coyote akafika pafupi, mfuti inkalira kamodzi, basi. Pachikopa pankangotsala kabowo kakang'ono.

Tsiku lina coyote anaima pachitunda chakutali, akutiyang'ana. Ndinawanong'oneza kuti, "Bambo, bwanji osawomba?" Iwo anatsitsa mfuti n'kundifotokozera kuti pamtunda wotero chipolopolo chawo chikanafika chitatha mphamvu, nyamayo n'kuthawa ndi bala kukafera kutali patapita masiku. Pa chifukwa chomwecho, kamfuti ka .22 LR ankakasungira akalulu ndi timbewa tokumba mauna m'mabusa. Kulozetsa kameneka pa coyote ankati ndi nkhanza.

Masiku ano kwabwera .17 HMR ya mu 2002 ndi .204 Ruger ya mu 2004, ndipo alenje akutsutsanabe. Ine ndimagwirizana ndi mdala uja. Munthu asanafunse liwiro la chipolopolo, ayambe wadziwa kukula kwa nyama yake, mphepo ya kwawoko ndi mtunda umene dzanja lake silingaphonye. Mdalayo ankateteza nkhosa zawo popanda kudana ndi chilombo chimene chinkazidya, ndipo khalidwe limenelo ndi limene ndakhala ndikuphunzitsa adzukulu anga akagwira ngakhale legeni.