Makina Akumva ndi Cikayiko Cao

Ife a nchito ya ukalaliki tidziwa kuti kumva mau ndi cinthu cina, kuwakhulupirira ndi cinanso. Munthu akachula dzina lace pa ofesi, kalaliki wanzeru sathamangira kulemba m'buku la Boma. Ayamba wadzifunsa ngati wamvadi bwino. Makina a m'foni zathu, amene alemba mau a pakamwa, ali ndi mlandu womwewu.

Mu 1952 a ku Bell Laboratories ku America anapanga makina ochedwa Audrey, ozindikira manambala okha, kuyambira 0 kufikira 9. Makina a lero amva mau ambirimbiri, ndipo macitidwe ao ndi awa: adula mau m'tizidutswa, nalinganiza ndi zimene anaphunzira, nasankha liu lofanana koposa. Pamenepo adzipatsa okha malikisi, kawirikawiri pakati pa 0 ndi 1. Opanga makina aika malire. Malikisi akapitirira malirewo, liu lilandiridwa. Akacepa, makina apempha munthu anenenso.

Kuika malire ndiyo nchito yobvuta. Akakwera kwambiri, makina akana ndi mau olungama omwe, munthu natopa. Akatsika, alandira zolakwa. Kuno ku Shimabala, kumene malole a pa mseu wa Lusaka ndi Kafue abangula pa cipata ca msonkho usana ndi usiku, phokoso limeza kampweya kamene kasiyanitsa "khola" ndi "kola," kapena "phala" ndi "pala." Mu 2023 a pa University of Zambia anaturutsa Zambezi Voice, maora oposa 80 a mau owerengedwa m'Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, kuti makina aphunzirepo. Cingerezi ciri ndi maora zikwi zambiri. Cifukwa cace makina a Cinyanja ayenera kukayika kawirikawiri.

Ine ndiganiza kuti malire ayenera kutsata kukula kwa cinthuco. Kuphonya dzina la nyimbo sikupweteka munthu. Koma ambiri a ife tiwerenga ndalama m'Cingerezi, ndipo makina akamva 50 pamene mai wamasiye ananena 15, ana ace agona ndi njala. Pa ndalama ndi pa mankhwala, makina abwereze cimene amva, mwini mau abvomere.

Inu amene mwatsiriza sukulu, musanyoze makina akakufunsani kawiri. Muope amene abvomera msanga, pakuti malikisi okwera sacotsa kulakwa. Akulu anati safunsa anadya phula.