Zipsera za ku Ochollo

Mlendo wochokera m'tauni ya Arba Minch, kumwera kwa dziko la Ethiopia, amakwera mapiri a Gamo kuti akafike ku Ochollo. Mudziwu uli pamwamba pa zitunda za miyala, ndipo ukaima pamenepo umaona kumunsi nyanja ya Abaya ndi madzi ake ofiirira. Komatu maso a mlendo sakhalitsa panyanjapo, pakuti ana ambiri amene amathamangira kudzamuona ali ndi zipsera pamasaya ndi pamphuno.

Nthenda yosiya zipserazi eni mudzi amaitcha bolbo, pamene madokotala amati leishmaniasis ya pakhungu. Gwero lake lili m'mapanga ozinga mudziwo, momwe mumakhala mbira za m'matanthwe zonga za m'mapiri a kwathu. Kantchentche kochepa koposa udzudzu kamaluma mbirazo, ndipo kakaluma munthu usiku kamamsiyira tizilombo. Pamatuluka kachotupa kosaŵaŵa, kenaka chilonda chotha miyezi yambiri, mwina chaka, chisanapole.

Tsono tamverani za odwala eni ake. Ambiri amayamba ndi mankhwala a kumudzi: kufinyira zitsamba pachilonda, kapena kuchitentha ndi chitsulo chamoto, zimene kaŵirikaŵiri zimangokulitsa chipsera. Kuchipatala, chilonda chaching'ono amachiumitsa ndi nayitrojeni wozizira koopsa. Chachikulu chimafuna jekeseni ya sodium stibogluconate tsiku ndi tsiku pafupifupi mwezi wathunthu. Jekeseniyo imaŵaŵa, imaphwanya m'mfundo, ndipo nthaŵi zina siithetsa nthendayo. Koma chodandaulitsa odwala si ululu wokhawo ayi. Mayi wodikirira mwana kuchipatala mwezi wonse wasiya munda, msika ndi ana ena. Mwanayo naye wasiya sukulu. Nchifukwa chake ena amalekera panjira, ndipo tisafulumire kuwatcha osamvera.

Chinanso nchakuti dokotala ndi wodwala samva chimodzimodzi mawu oti kuchira. Dokotala akaona chilonda chauma amati ntchito yatha. Namwali akadziyang'ana pagalasi amaona kuti chipsera chatsala, ndipo chidzamperekeza kumsika, kusukulu, ngakhale pa nkhani za ukwati. Ku Ochollo, kumene zipsera zili ponseponse, anthu anazizoloŵera. Manyazi amakula akatsikira kutauni, kumene osadziŵa amamuyang'anitsitsa kapena kumthaŵa, ngakhale kuti nthendayi sipatsirana pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi.

Bungwe la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 600,000 ndi 1,000,000 amadwala nthendayi padziko lapansi. Aŵerengi okondedwa, ambiri a ife sitidzapondako ku Ochollo, koma mwana wa chipsera pankhope ali m'mudzi uliwonse. Makolo, chilonda chosapola msanga pitani nacho kuchipatala chisanakule. Inu achinyamata, kumbukirani kuti mankhwala amapoletsa chilonda chokha. Zoti mwini chipsera aziyenda woŵerama kapena woŵeramuka zili m'maso ndi m'kamwa mwa anzake.