Pansi pamene Pollock ankaponda

Sitima yochokera ku Penn Station mumzinda wa New York inayenda maola pafupifupi atatu kuti ifike ku East Hampton, cha kumapeto kwa Long Island. Nditatsika ndinakwera takisi mpaka ku Springs, kumene wojambula Jackson Pollock ndi mkazi wake Lee Krasner anasamukira mu 1945.

Kunena zoona, ndinkapita ndi mtima wonyoza. Zojambula za Pollock ndinkaziona ngati penti amene mwana wagudubuza. Mulibe munthu, mulibe phiri, ngakhale nkhuku.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kanyumba kamatabwa momwe Pollock ankagwirira ntchito. Pakhomo anandiuza kuti ndivule nsapato, n'kundipatsa masilipasi ofewa, chifukwa chimene alendo amadzera chili pansi. Matabwa apansiwo anawaphimba mu 1953, n'kudzawavundukula m'ma 1980.

Ndinagwada kuti ndione bwino. Penti wakuda, wabuluu ndi wasiliva anangoti waa, wina pamwamba pa mnzake. Penapake madontho akuthera pamzere woongoka, pamene pankalekezera chinsalu. Pena pakuoneka pamene anaponda, penti ali kuphazi.

Kuyambira mu 1947, Pollock ankayala chinsalu pansi, n'kumachizungulira mbali zonse zinayi. Ankaviika kamtengo kapena burashi youma m'chitini cha penti wopaka nyumba, n'kumadontheza osakhudza nsalu. Sankayamba walemberera chimene akufuna. Mzere umodzi ndiwo unkamuuza kopita winawo. Akaona kuti zasokonekera ankasiya, chinsalucho n'kukhala masiku angapo akungochiyang'ana.

Ndili chigwadire ndinakumbukira amayi akupeta mphale. Sawerenga kuti lichero aliponye kangati. Gaga amapita kwake, mphale n'kutsala. Mukawafunsa mmene amachitira amangoseka, koma luso limenelo analiyamba ali kamtsikana. Pollock nayenso anayamba kuphunzira kujambula kwa Thomas Hart Benton mu 1930, ndipo panapita zaka 17 asanayambe kudontheza penti chonchi. Dzanja linali litakhwima moti silinkadikiranso kuuzidwa.

Pollock anafa pangozi ya galimoto mu 1956. Krasner anapitiriza kujambula m'kanyumba komweko, ndipo penti wake akadali pamakoma.

Mawa lake ndinapita ku Museum of Modern Art kukaona chojambula cha Pollock chotchedwa One: Number 31, 1950. Ulendo uno sindinafunefunemo nkhope ya munthu. Ndinasankha mzere umodzi wakuda, n'kuulondola ndi maso kuti ndione pamene anawerama ndi pamene anathamangitsa dzanja.