Mpeni wa Kuwala Umene Ndinadzipangira

Anansi amandifunsa cifukwa cace ndinatha miyezi yambiri ndikupanga makina odula ndi kuwala kochedwa laser, pamene sowo ndiri nayo. Koma kodi sowo ingalembe maluwa pacikopa?

Mtima wa makinawa ndi cubu cagalasi ca mpweya wa carbon dioxide, nzeru imene Kumar Patel anatulukira mu 1964. Akalirole atatu amalondolera kuwalako kukagalasi kamene kamakusonkhanitsa pamalo aang'ono ngati nsonga ya singano. Madzi amazungulira kuziziritsa cubu.

Komatu nchito yaikulu inali bokosi. Kuwalaku sikuoneka, koma kukhoza kucititsa munthu khungu. Tsono ndinaikapo swici yozimitsa zonse civundikiro cikatseguka, pakuti adzukulu anga sacedwa kusuzumira. Pulasitiki ya PVC ndiye sindiidula konse. Utsi wace ngwakupha.