Ku Blantyre kuthamanga n'kwaulere, koma madzi ali ndi mlonda

Aliyense amene adakulira kunyanja akudziwa kuti thupi likazolowera madzi limavuta. Kwathu ku Nkhotakota kusambira si masewero ayi, ndi gawo la tsiku basi, ngati kutsuka mkamwa. Ukathamanga pamchenga mpaka thukuta kamukamu, umangovula malaya n'kudziponya m'nyanja, nkhani yatha. Palibe wokufunsa chiphaso, palibe wokulembera lisiti.

Ndiye ntchito yathu ya utolankhani waganyuyi, yomwe imatitengera kulikonse kumene kwanunkhira nkhani, itandiponya ku Blantyre kwa masabata awiri, ndidalongedza nsapato zothamangira ndi kabudula wosambirira. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Zomwe ndidapeza kumeneko ndati ndikugawireni, makamaka inu amene mudzapite ku Kabula muli alendo koma simufuna kuti thupi lichite dzimbiri.

Tiyambe ndi kuthamanga, poti uku ndiye kulibe chovuta chambiri. Chachikulu dziwani kuti Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Amishoni a ku Scotland omwe adakhazikitsa malowa mu 1876 adasankha kumtunda, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Mzindawu uli pamtunda woposa mamita 1,000, pomwe nyanja ya kwathu ija siyifika ndi 500 yomwe. Mapapo a munthu wa kunyanja amazindikira msanga kusiyanaku. Ndipo msewu uliwonse mumzindamu ukakutsetsereza bwinobwino, dziwa kuti imeneyo ndi ngongole, ukaibweza pobwerera uli wefuwefu.

Msewu woyamba kuuyesa ndi Masauko Chipembere Highway, uja akuluakulu ena mpaka lero amautchulabe kuti Kamuzu Highway. Ndi umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe, matauni awiri omwe adaphatikizidwa mu 1956. Mukanyamuka pa Clock Tower mudutsa pa Ginnery Corner, chipatala cha Queen Elizabeth, sukulu ija tinkaitcha Poly yomwe pano ndi MUBAS, kenaka chipilala cha ufulu, Chichiri, Maselema mpaka kulowa mu Limbe. Kulowera ku Limbe kukwera ndiye kochuluka, choncho wanzeru amayamba ndi chikwezacho miyendo ikadali ndi mphamvu, n'kubwerera motsetsereka.

Koma nthawi yake ndi imodzi yokha: kukangoyera, isanakwane 6 koloko. Ikangopitirira pamenepo msewuwo ndi wa maminibasi ndi anyamata a kabaza, ndipo anthu amenewa ndi munthu woyenda pansi sagwirizana. Utsi wake nawo umafika pakhosi. Thamangani mbali yakumanja, moyang'anizana ndi magalimoto, kuti chobwera muzichiona. Maso akhalenso pansi chifukwa ngalande zina zilibe zivindikiro. Usiku kapena kusanache kwenikweni, iyayi, musayerekeze, makamaka foni ili m'manja.

Chomwe chidandigwira mtima pamsewuwu si nyumba zitalizitali ayi, koma anthu. Nthawi yomwe iwe ukuthamanga kuti uchepetse mimba, mizere ya anthu imakhala ikutsika kuchokera ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe ndi Mbayani, wapansi, kupita kuntchito. Alonda akuweruka, amayi asenza madengu a mandasi, abambo atenga kachitini ka nsima ndi nyemba m'jumbo. Awa sachita majowajowa, akupulumutsa ya minibasi. Bambo wina wachikulire, jekete lake lakuda, adandiyang'ana ndikumupitirira n'kuseka.

"Achimwene, mphamvu zikakuchulukirani bwerani mudzandinyamulireko chikwamachi," adatero.

Tidaseka tonse, koma mawu amenewo adandiperekeza mpaka pa Maselema.

Pali langizo lina limene buku lililonse la zamasewero silingakuuzeni. Mukafuna kuthamanga m'makwalala a m'malokeshoni, valani zooneka kuti ndinu wothamanga: kabudula, malaya a mpira, nsapato zake. Mnyamata wachilendo wovala jinzi akadutsa pamsika ndi liwiro la mtondo wadooka, pamangofunika munthu mmodzi wokuwa kuti "Wakubaaa!" ndipo zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Si nthabwala imeneyi. Kumayadi nako, ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe, misewu ndi yabata, mitengo ya jakaranda mbali zonse, mpweya wabwino. Vuto kumeneko ndi agalu. Geti likakhala lotsekula pang'ono, chepetsani liwiro, yendani ngati mlendo waulemu.

Amene safuna za magalimoto apite kubwalo. Pafupi ndi Kamuzu Stadium pali bwalo lafumbi lomwe amati Upper Stadium, ndipo m'mawa mumapezamo achinyamata akuzungulira, ena akukankha mpira. Njamba Freedom Park nayo ndi malo otakasuka. Apa ndi pomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri adachitira misa mu 1989, ndipo andale a zipani zonse akhala akulonjezerapo mwezi ndi nyenyezi. Tsiku lopanda msonkhano, bwalolo ndi lanu.

Koma ine pamtima panga padakhala Chilomoni. Kumeneko kuli Njira ya Mtanda, yomwe Akatolika amakwera popemphera, kukafika pamtanda waukulu pamwamba pa phiri, mbali ya Michiru. Kuthamanga njira yonse sikutheka pokhapokha ngati uli ndi mapapo a mbuzi, ndiponso ndi malo opemphererapo, ndiye ukakumana ndi amayi a rozale m'manja umapatuka n'kupereka moni. Ukafika pamwamba, Blantyre yense ali pansi pako: malata a Ndirande akung'anima, utsi wa mbaula ukukwera, ndege ikutera ku Chileka. Ukuonanso zomvetsa chisoni. Phiri la Ndirande, lotalika mamita oposa 1,600, lidametedwa mpala kalekale. Michiru naye nkhwangwa za ootcha makala zamulowa. Ndipo ukaponya maso ku Soche umakumbukira March 2023, pomwe namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phirimo n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Kuphiri kulikonse musapite nokha, pezani anzanu awiri atatu.

Tsono nkhani ya madzi. Apa ndiye pagona nkhani, abale anzanga.

Malo osambirira ku Blantyre alipo, ndisanamize mzinda wa eni ake. Blantyre Sports Club, yomwe idayamba mu 1896 nthawi ya atsamunda, ili ndi dziwe lake. Mahotela akuluakulu monga Mount Soche ndi Ryalls ali nawo. Sukulu zina zolipira ndalama zambiri, monga St Andrew's, zili nawo a ana awo. Madzi oyera mbee, obiriwira ngati kumwamba, onunkhira mankhwala. Kungoti lililonse lili kuseri kwa mpanda, ndipo pageti pali munthu wa yunifolomu. Kalabu ndi ya mamembala, sukulu ndi ya ophunzira, hotela ndi ya ogona momwemo kapena amene alipira ya tsikulo.

Pamalo ena, omwe sinditchula dzina, ndidafika kabudula wanga ali m'jumbo. Mlonda wake adali munthu waulemu kwambiri.

"Takulandirani achimwene. Mwabwera kudzaona ndani?"

"Ayi madala, ndimati ndisambireko pang'ono."

Adandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka adandilozera kuofesi. Mtengo umene adanditchulira kumeneko udali wokwana chakudya changa cha masiku awiri. Ndidalipira ndithu, poti chilakolako sichimva kuwawa kwa ndalama, ndipo ndidasambira ndekhandekha kwa ola lathunthu. Dziwe lonselo munthu mmodzi. Ena omwe adalipo adangokhala m'mphepete, miyendo m'madzi, akudzijambula ndi mafoni. Dziwelo lidali lalifupi moti ukangotambasula manja kasanu ndi kawiri wagunda khoma. Langizo langa: musanalipire pemphani kaye mulione, ndipo pitani pakati pa sabata m'mawa, chifukwa Loweruka masana mumakhala ana ndi maphwando. Miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, madziwo amaluma ngati singano.

Kudula kwakeko chifukwa chake chilipo. Madzi ambiri omwe Blantyre amamwa amachokera kutali, ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda. Poti mzinda uli pamwamba ndipo mtsinje uli pansi, madziwo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mamita mazanamazana, kudzera ku Chileka. Dontho lililonse lofika pampopi lakwera phiri. Ena amachokera ku Mudi Dam, ndipo kuyambira 2019 adawonjezerapo ochokera ku Likhubula ku Mulanje. Mumzinda momwe amayi a m'malokeshoni amafola ndi zigubu pakiyosiki, kudzaza dziwe lonse kuti anthu azingoseweramo si nkhani yotchipa.

Zimenezo n'zomveka. Koma kodi ana a ku Ndirande amasiya kusambira poti alibe ndalama ya hotela? Ayi ndithu. Ndidawaona ndi maso angawa mumtsinje wa Nasolo, ali chibadwire, akudumphira m'kadziwe ka madzi otuwa, mapulasitiki akuyandama pambali. Mmodzi adandikuwira: "Ankolo, bwerani, ngozizira bwino!" Ine mwana wa kunyanja, amene sindiopa mafunde a mwera, ndidakana.

Mtsinje wa Mudi, womwe umadutsa pakati penipeni pa mzinda, mbali ya mafakitale a ku Makata mpaka kumsika wa Blantyre, suchita kufuna wasayansi kuti akuuze za madzi ake. Mphuno imakuuza uli pamlatho. Zinyalala za kumsika, zotuluka m'mafakitale, za m'mapaipi a suweji ophulika, zonse njira yake ndi yomweyo. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. M'madamu ndi m'zithaphwi za madzi odikha namo muli nkhono zofalitsa likodzo, lomwe ngakhale ife a kunyanja timalidziwa bwino. Mudi Dam ndi madzi akumwa, si osambira. Kuli maenje ena osiyidwa ndi oumba njerwa ndi okumba miyala, amene dzinja likafika amadzaza n'kumaoneka ngati osaya. Mwana amene sadaphunzitsidwepo kusambira akaterereka m'menemo, ndi maliro.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wa Blantyre. Pa masabata awiri amene ndidazungulira ndi kufunsa, sindidapeze dziwe ndi limodzi lomwe loti mwana wa mlonda uja n'kulowa ndi ndalama yochepa, wina n'kumuphunzitsa kuyandama. Ku Lilongwe boma lidamanga dziwe lalikulu la mpikisano chifukwa cha masewero a achinyamata a Region 5 a mu 2022. Zabwino zimenezo, koma nanga Kabula? Sitikupempha la Olympics ayi. Joyce Tafatatha adaimira Malawi pa kusambira ku London mu 2012, ndipo ndani akudziwa kuti mwa ana a mu Nasolo aja muli angati otere? Makhansala athu, mukamakambirana za misika ndi malo oimika magalimoto, kadziwe kamodzi kokha, kaya ku Njamba kaya ku Ndirande, kangagwetse bajeti?

Loweruka lomaliza ndidachita zomwe anthu a ku Blantyre enieniwo amachita akafuna madzi opanda mpanda: kutuluka mumzinda. Mumakwera minibasi ku Limbe yopita ku Mulanje, kutsika pa Chitakale, n'kupeza kabaza kapena galimoto yolowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Pamenepo pali ofesi ya zankhalango ndi anyamata operekeza alendo. Tengani mmodzi, musaumire, njira za m'phiri zimasocheretsa. Kuyenda kwa pafupifupi ola limodzi kukwera m'mbali mwa mtsinje kumakufikitsani pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudikha m'dziwe lakuya. Pa Likhubula pomwepa ndi pamene pamayambira mpikisano wa Porters Race, womwe othamanga amakwera phiri la Mulanje n'kutsikanso tsiku lomwelo, ena a iwo nsapato zongoyerekeza.

Madzi a m'dziwemo ndi ozizira moti ukalowa mpweya umayamba wathawa kaye. Anthu adamirapo pamenepa, choncho wosadziwa kusambira akhale m'mphepete, ndipo nthawi ya mvula mtsinje ukadzaza osalowamo n'komwe. Wondiperekeza adakhala pamwala akundiyang'anira, ndipo nditatuluka mano akugundana adandipatsa nthochi ziwiri n'kundikumbutsa kuti tizitsika, chifukwa dzuwa likapendeka minibasi ya ku Limbe imayamba kusowa pa Chitakale.