Ngongole ya Udotolo

Ife akalaliki a m'maofesi a boma tidziwa cinthu cimodzi cimene ana a sukulu sacidziwa, ndico cakuti ndalama zolembedwa pamwamba pa pepala la malipiro sindizo zimene munthu apita nazo kunyumba. Pakati pake pali mizera yocotsa: msonkho, penshoni, ndiponso, kwa madotolo ambiri acinyamata, ngongole ya maphunziro. Ndifuna kuceza nanu za mzera wotsirizawu, inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mtima wanu uli pa udotolo.

Kale anthu anali kuyesa kuti thandizo limene boma lipatsa ophunzira a pa yunivesite ndi mphatso cabe. Koma mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lochedwa Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo mu 2018 bungweli linayamba kulonjerera onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004. Ambiri anadzidzimuka poona kuti malipiro ao aperewera.

Ngongole ya wophunzira udotolo ilemera koposa ya anzake pa zifukwa zitatu. Coyamba, anzake ambiri atsiriza m'zaka 4, koma iye akhala zaka 6 kapena 7, ndipo caka ciri conse cionjeza katundu. Caciwiri, amene aphunzira ku Ridgeway mu Lusaka, pafupi ndi University Teaching Hospital, kapena ku Ndola, atha usana ndi mbali ya usiku ali pakati pa odwala. Mpata wakugwira ganyu alibe. Cacitatu, nchito sidikira pakhomo. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, komabe pambuyo pake panali madotolo atsopano amene anagwira nchito m'zipatala miyezi yambiri osalandira kanthu, poyembekeza kulembedwa. Ngongole iri ndi ciongoladzanja cake. Ngakhale cinatsika mu 2024 kucoka pa 15 kufika pa 10 pa 100, sicinathe ai.

Pamene mlongo wanga wamng'ono anapeza malo ku Ndola, amai anabvina, nati, "Mwana wanga, dotolo sasauka." Ine ndinati, "Amai, n'zoona, koma ndalama zimene adzalandira mwanayu pa sukulu si zake. Musamtumire kalata wopempha feteleza kapena malata. Zimenezo muziuza ine." Amai anakhala cete nthawi yaitali, popeza anayesa kuti masiku akupumula afika. Mau amenewo anandiwawa powanena, koma wophunzira amene agawira abale ndalama za cakudya cake agwa m'manja mwa akaloba mwezi usanathe, ndipo kaloba alibe cifundo cimene boma liri naco.

Kwa mlongo wangayo ndinapereka kabuku kofiira konga kamene tilembamo ku ofesi, ndi malangizo amene ndipatsanso inu. Werengani pepala la pangano mau onse musanalembe dzina lanu, ndipo musunge lanu pabwino. Lembani ndalama iri yonse imene bungwe likulipirirani, caka ndi caka, kuti tsiku lakubweza mudzathe kuyerekeza ciwerengero cao ndi canu. Ngati makolo angathe kulipira mbali ina, musakongole zonse. Limbikani kuti mungabwereze caka, pakuti caka cobwereza cidya ndalama ndi kucedwetsa malipiro.

Ciyeso cacikuru cidza ndi malipiro oyamba. Okongoza ndalama adziwa kuti dotolo wa boma sathawa, motero amtsata ndi mau okoma a galimoto ndi mipando ya m'nyumba. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaona mapepala a anthu ophunzira kwambiri okhala ndi mizera yocotsa yocuruka kotero kuti zotsala sizikwanira lendi ya nyumba. Munthu wotere afika ku cipatala mutu uli ku ngongole, ndipo wodwala ndiye alipira. Yambani mwapeputsa ngongole ya maphunziro musanasenze ina.

Ena ati, "Nanga tibwezerenji, popeza tigwira kale nchito yothandiza dziko?" Funsoli liri ndi mphamvu, makamaka m'kamwa mwa dotolo amene wagwira caka cathunthu osalipidwa. Koma kumbukirani mwambo wa kwathu. Munthu akabwereka mbeu m'nkhokwe ya mnzake, abweza pokolola, cifukwa caka ca mawa wina adzasowa cobzala. Ndalama zimene dotolo abweza lero ndizo zidzalipirira mwana wa ku Chadiza kapena ku Lundazi, amene tsopano ali kuwerenga ndi koloboyi, ndipo atate wake alibe ng'ombe yakugulitsa. Kongolani mwa muyeso, lembani zonse, ndipo pobweza musacite ngati mwalandidwa.